Miyala ya ku Palenque ndi Dzina la Mfumu Lomwe Lidagona Zaka Chikwi

Kum'mwera kwa dziko la Mexico, m'chigawo cha Chiapas, pamene mapiri amayamba kutsetserekera kuchigwa chopita kunyanja, kuli mabwinja a mzinda wakale wa anthu a mtundu wa Maya. Masiku ano malowa amadziwika ndi dzina loti Palenque, koma dzinali ndi lachisipanishi, lobwerekedwa ku mudzi wina wapafupi umene udakhazikitsidwa mzindawo utafa kale. Eni ake ankautchula kuti Lakamha', kutanthauza "madzi aakulu", kaamba ka timitsinje ndi akasupe otumphuka m'mapirimo. Kwa zaka pafupifupi 1,000 dzina limeneli lidaiwalika, ndipo mayina a mafumu amene adamanga mzindawo adagona nalo limodzi. Nkhani ya momwe mayinawo adatayikira ndi momwe adapezekeranso ndi yoyenera kuimva ife amene tasonkhana pamwambo wokumbukira makolo, pakuti ikuonetsa zimene zimachitika nyumba za makolo zikatsala chiimire koma mawu awo atazima.

Zimene mlendo amaona

Mlendo wofika ku Palenque amalandiridwa ndi chinyontho cha nkhalango yowirira komanso kulira kwa anyani okhala m'mitengo, amene mawu awo amamveka kutali ngati kubangula kwa chilombo. Akatuluka m'mitengomo amafika pabwalo lalikulu, ndipo patsogolo pake pamaima chulu cha miyala chokwera m'magawo 9, chokhala ndi kachisi pamwamba. Akatswiri amachitchula kuti Kachisi wa Zolembedwa, chifukwa m'makoma ake a m'kati muli zilembo zoposa 600 zozokotedwa pamiyala. Chapafupi pali nyumba yachifumu, yokhala ndi mabwalo angapo m'kati mwake ndiponso nsanja ya magawo anayi, chinthu chosowa m'mizinda ina ya Amaya. Mtsinje wa Otolum, umene umadutsa pakati pa mzindawo, amisiri adaulowetsa m'ngalande yamiyala yotseka pamwamba kuti madzi asamakokolole bwalo, ndi kuti apeze malo ena omangapo.

Zonsezi zidamangidwa popanda chida chachitsulo, popanda ngolo, popanda ng'ombe kapena bulu wonyamula katundu. Miyala ya laimu ankaisema ndi miyala inzake yolimba, n'kuisenza pamsana. Pomanga denga ankasanja miyala mbali ziwiri za chipinda, mzere uliwonse n'kumausendeza pang'ono chakum'kati, mpaka mbali ziwirizo zitayandikana kotero kuti mwala umodzi wathyathyathya unkatseka pamwamba. Denga lotere ndi lolemera kwambiri, ndipo m'mizinda yambiri linkafuna makoma ochindikala ndi zipinda zopanikiza. Amisiri a ku Palenque adapeza nzeru yopendeketsa kunja kwa denga ndi kumanga zipinda ziwiri zotsamirana pakhoma limodzi lapakati, motero nyumba zawo zidali ndi makomo aakulu, zolowa mphepo ndi kuwala. Pamwamba pa denga ankaimikapo kakhoma koboolaboola kokongoletsa. Kenaka ankawotcha miyala ya laimu, n'kupanga njereza yomatira makoma ndi kuumbira zithunzi za mafumu ndi milungu. Miyala imene ikuoneka yotuwa lero idali yopakidwa utoto, makamaka wofiira, ndipo zithunzizo zidali ndi mitundu ina yowala.

Mbali imene alendo amayendamo ndi yochepa chabe. Nyumba zina zoposa 1,000 zikadali pansi pa mizu ndi ziyangoyango za m'nkhalango. M'chaka cha 1987 bungwe la UNESCO lidaika Palenque m'kaundula wa malo a chuma cha anthu onse a padziko lapansi.

Momwe mzindawo udakhalira bwinja

Amaya sadali ndi mfumu imodzi yolamula dziko lonse. Adali ndi mizinda yambiri, uliwonse ndi banja lake lachifumu, yomwazikana m'dera limene lero muli kum'mwera kwa Mexico, Guatemala, Belize ndi mbali ina ya Honduras ndi El Salvador. Mizindayi inkachita malonda, kukwatirana ndi kumenyana nkhondo. Nyengo ya ulemerero wake idali pakati pa zaka za m'ma 250 ndi 900. Chakumapeto kwa nyengoyi mizinda ya m'nkhalango idayamba kugwa umodziumodzi. Akatswiri amaloza zifukwa zingapo zimene zidagwirana manja: chilala chobwerezabwereza, nkhondo zosatha, kuchuluka kwa anthu panthaka yotopa, ndi kutha kwa mitengo, imene ina inkathera kuwotchera njereza yomatira nyumba za mafumu. Ku Palenque tsiku lomaliza lolembedwa limene lidapezeka ndi la m'chaka cha 799. Patapita nthawi yochepa anthu adasamuka, nkhalango n'kulowa m'nyumba yachifumu.

Anthuwo sadathe. Mizinda ina, monga Chichén Itzá ndi Mayapán kumpoto, idakula pambuyo pake, ndipo pamene anthu a ku Spain ankafika m'zaka za m'ma 1500 adapeza Amaya akulima, akuchita malonda ndiponso akulemba mabuku. Mabukuwo adali a pepala la makungwa a mtengo wa mtundu wa mkuyu, lopakidwa njereza, lopindidwapindidwa. Apa ndi pamene padagwa tsoka loposa chilala. M'mwezi wa July 1562, pamudzi wa Maní ku Yucatán, wansembe wa ku Spain dzina lake Diego de Landa adasonkhanitsa mabuku ndi zosema za Amaya n'kuzitentha, poganiza kuti zidali za ziwanda. Mabuku ena adatha ndi chinyontho ndi njenjete. Lero padziko lonse pali mabuku anayi okha akale a Amaya, ndipo atatu mwa iwo ali ku Ulaya: ku Dresden, ku Madrid ndi ku Paris. Ana a mafumu adaphunzitsidwa zilembo zachilatini, ndipo odziwa kuwerenga zilembo zamakolo adamwalira opanda owasiyira. Ufumu womaliza wa Amaya wodziimira pawokha, wa ku Nojpetén ku Guatemala, udagonjetsedwa m'chaka cha 1697. Kuchokera pamenepo miyala idatsala ndi mawu ake, popanda wowamva.

Miyala yopanda mwini

Chuma chikasowa wochilankhulira, aliyense amachiveka nkhani yake. Pamene msilikali wina, Antonio del Río, adatumidwa ndi boma la Spain kukaona Palenque m'chaka cha 1787, anthu ophunzira a ku Ulaya adayamba kufunsana kuti adamanga mzindawo ndani. Ena adati ndi Aroma, ena Aigupto, ena mafuko otayika a Israeli. Wojambula wina, Jean-Frédéric Waldeck, amene adakhala m'mabwinjamo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1830, adafika pojambula mitu ya njovu pakati pa zilembo, ngakhale kuti ku America kulibe njovu, chifukwa mtima wake udali utatsimikiza kale kuti omangawo adachokera kutsidya kwa nyanja. Onsewa ankanyamulidwa katundu ndi kulambulidwa njira ndi adzukulu a omanga mzindawo, koma sadawaone.

Ife a kuno kum'mwera kwa Africa nkhani yotere sitiimva ngati yachilendo. Makoma a Great Zimbabwe nawo adapatsidwa kwa Mfumukazi ya ku Sheba ndi Afoinike, mpaka pamene David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 adaonetsa ndi umboni wofukulidwa pansi kuti adamanga ndi Aafirika. Kulanda munthu ntchito ya manja a makolo ake ndi njira yachidule yomulandira nthaka, pakuti wopanda mbiri amaoneka ngati mlendo pakwawo.

Ku America, amene adaona bwino adali John Lloyd Stephens ndi mnzake wojambula Frederick Catherwood, amene adafika ku Palenque mu 1840. Catherwood adajambula zimene adaona popanda kuwonjezera, ndipo Stephens, m'buku lake la 1841, adanena kuti mizindayi idamangidwa ndi makolo a anthu omwewo amene ankakhala m'deralo, ndi kuti zilembo za pamiyala zidasunga mbiri yawo. Komabe padapita zaka zoposa 100 munthu asadathe kuwerenga mbiriyo. Chimene akatswiri adayamba kumasula ndi manambala. Adapeza kuti Amaya ankawerenga m'magulu a 20, kuti kadontho kankaimira 1, kamzere n'kuimira 5, ndi kuti adali ndi chizindikiro cha ziro. Adali ndi kalendala ya masiku 260 ndi ina ya masiku 365, zimene zinkakumananso poyambira pakatha zaka 52, komanso chiwerengero chachitali cha masiku choyambira m'chaka cha 3114 Khristu asanabadwe. Popeza manambala okha ndiwo ankawerengeka, akatswiri ambiri adaganiza kuti zolembedwazo zidali za nyenyezi ndi nthawi basi, ndi kuti anthu ojambulidwa pamiyala adali ansembe ndi milungu, osati mafumu okhala ndi mayina, amayi awo ndi adani awo.

Chaka cha 1952

M'chaka cha 1949, katswiri wofukula zakale wa boma la Mexico, Alberto Ruz Lhuillier, adaona kuti mwala wina wapansi m'Kachisi wa Zolembedwa udali ndi mabowo otsekedwa ndi timiyala, ndiponso kuti makoma a chipindacho ankapitirira kulowa pansi. Atautukula mwalawo adapeza makwerero otsikira m'mimba mwa chulucho, odzazidwa dala ndi miyala ndi dothi. Iye ndi antchito ake adatha nyengo zinayi akuchotsa miyalayo. Pa 15 June 1952 adasuntha mwala waukulu wa ngodya zitatu umene udatseka khomo, n'kulowa m'chipinda cha manda chimene chidali chisadaonedwe ndi munthu kwa zaka zoposa 1,200. Pakhomopo padali mafupa a anthu angapo amene adaphedwa kuti aperekeze mwini manda.

M'katimo mudali bokosi lamwala, lovundikiridwa ndi chimwala chozokotedwa chotalika pafupifupi mamita anayi. Atachikweza m'mwezi wa November chaka chomwecho, adapeza mafupa a mwamuna, owazidwa ufa wofiira, ovekedwa mikanda, mphete ndi chophimba kumaso cha timiyala tobiriwira ta jade, mwala umene Amaya ankauyesa wamtengo kuposa golide. Bokosilo ndi lalikulu kotero kuti silikadatha kudutsa pamakwerero aja. Zikuonetsa kuti manda ndiwo adayamba, chulu chonse n'kumangidwa pamwamba pake. M'mbali mwa makwererowo amisiri adasiya kampopi kamwala kochokera kumanda kukafika m'kachisi, ngati njira yoti wogonayo ndi amoyo azimvana. Ruz adapeza mfumu, koma sadathe kuitchula dzina, ngakhale kuti dzinalo lidalembedwa m'mphepete mwa chivundikiro chomwecho.

Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. M'chaka chomwecho cha 1952, ku Russia, mnyamata wina wophunzira zilankhulo, Yuri Knorozov, amene adali asadapondeko dziko la Amaya, adasindikiza nkhani yoonetsa momwe zilembozo zimagwirira ntchito. Chodabwitsa n'chakuti mfungulo adaipeza m'zolemba za Landa yemwe uja wotentha mabuku. Landa adafunsa Mmaya wina wodziwa kulemba kuti amulembere chilembo chilichonse chachisipanishi, poganiza kuti Amaya adali ndi alifabeti ngati yake. Iye akatchula chilembo "b", chimene m'Chisipanishi chimamveka "be", mlembiyo ankajambula chizindikiro cha phatikizo lonse la "be". Knorozov adazindikira kuti zizindikiro zina zimaimira mawu athunthu, zina n'kumaimira maphatikizo, monga momwe mwana wa sitandade 1 amaphatikizira "ba" ndi "la" kuti apange mawu. Akatswiri otchuka a nthawiyo, makamaka J. Eric Thompson wa ku Britain, adakana maganizowo kwa zaka zambiri.

Mu 1960 Tatiana Proskouriakoff, pofufuza miyala ya mzinda wa Piedras Negras, adaonetsa kuti masiku olembedwapo amatsata moyo wa munthu: kubadwa, kulowa ufumu, kumwalira. Pamenepo zidadziwika kuti miyalayi ndi mbiri. Mutu umodzi susenza denga: mu 1973, pamsonkhano umene udachitikira ku Palenque komweko, Linda Schele, Peter Mathews ndi Floyd Lounsbury adaphatikiza nzeru zonsezi n'kundandalika mafumu a mzindawo. Dzina la mwini manda aja alembi akale ankalilemba m'njira ziwiri, pena ndi chithunzi cha chishango, pena ndi maphatikizo atatu, pa-ka-la. Mawu oti pakal amatanthauza chishango.

Mfumu Pakal

K'inich Janaab Pakal adabadwa m'chaka cha 603, mzinda wake uli pamavuto. Ufumu wamphamvu wa mafumu a Njoka, umene pambuyo pake likulu lake lidali ku Calakmul, udathira nkhondo Palenque mu 599 ndiponso mu 611. Pakal adalowa ufumu mu 615 ali ndi zaka 12 zokha, ndipo adalamula zaka 68 mpaka imfa yake mu 683. Pakati pa Amaya ufumu kawirikawiri unkatsata kuchimuna, koma zolembedwa za Pakal zimakweza kwambiri mayi ake, Sak K'uk', ndipo mwala wina wa m'nyumba yachifumu ukuonetsa mayiyo akupereka chisoti chaufumu kwa mwana wake. Mbali yaikulu ya nyumba yachifumu idamangidwa m'nthawi yake. Mwana wake, K'inich Kan Bahlam, adamaliza kachisi wa manda a bambo ake n'kumanganso akachisi ena atatu amene adapatulidwa mu 692. Mu 1994, m'kachisi woyandikana ndi wa Pakal, mudapezeka manda a mayi wina wowazidwa ufa wofiira thupi lonse, amene akatswiri ambiri amakhulupirira kuti adali mkazi wa mfumuyo.

Kuwerenga kudathetsanso mabodza. Mu 1968 mlembi wina wa ku Switzerland, Erich von Däniken, adafalitsa zoti chithunzi cha pachivundikiro cha manda ndi munthu woyendetsa chombo cha m'mlengalenga. Koma zizindikiro zake n'zodziwika m'zojambula zina zambiri za Amaya: mfumu ili pakamwa pa dziko la akufa, yavala ngati mulungu wa chimanga, ndipo pamwamba pake pamera mtengo wogwirizanitsa pansi ndi kumwamba, mbalame yopatulika itatera pansonga. M'mbali mwa bokosilo makolo a Pakal ajambulidwa akutuluka m'nthaka pamodzi ndi mitengo ya zipatso, wina ndi mtengo wa koko, wina ndi wa mapeyala, wina ndi wa magwafa, aliyense ndi dzina lake. Kwa iwo kuika mfumu m'manda kudali ngati kubzala mbewu. Nawo aja adasokosera dziko kuti kalendala ya Amaya ikuti dziko litha mu 2012 akadawerenga makoma a kachisiyu akadapuma, pakuti alembi a Pakal adawerengeratu tsiku lokumbukira kulowa ufumu kwake m'chaka cha 4772.

Mbewu idabwera, nzeru n'kutsala

Pali chingwe chimodzi chenicheni chimene chimamanga ife ndi dziko limenelo, ndipo tichigwira m'manja tsiku ndi tsiku. Chimanga chidayamba kulimidwa kum'mwera kwa Mexico zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ndipo chidafika mu Africa ndi amalonda a panyanja kuyambira m'zaka za m'ma 1500. Amaya ankachilemekeza kotero kuti buku la Popol Vuh, la Amaya a chilankhulo cha K'iche', limasimba kuti milungu idayesa kuumba munthu ndi dothi, kenaka ndi mtengo, koma idakhutira pamene idamuumba ndi ufa wa chimanga. Mmodzi mwa akachisi atatu a Kan Bahlam ali ndi chithunzi cha phesi la chimanga lobereka mitu ya anthu m'malo mwa zisononkho.

Anthu a kumeneko, asadapere chimanga, amachiwiritsa m'madzi othira laimu kapena phulusa. Kutero kumamasula vitamini wina wofunika m'thupi amene amakhala womangika m'njere. Mbewu idawoloka nyanja, koma kaphikidwe aka kadatsala. Zotsatira zake zidali matenda a pelagra, osupula khungu, otsekula m'mimba ndi osokoneza mutu, amene adasautsa alimi osauka a ku Spain ndi Italy, ndipo adabukanso kuno ku Malawi pakati pa abale athu othawa nkhondo ya ku Mozambique cha m'ma 1990, pamene chakudya chawo chidali ufa wokhawokha wopanda ndiwo zokwanira. Chinthu chikachoka m'manja mwa eni ake popanda mawu ochiperekeza, chimafika chopereweza.

Eni ake alipo

Amaya lero ndi anthu oposa 6 miliyoni, olankhula zilankhulo pafupifupi 30. Midzi yozungulira Palenque imalankhula Ch'ol, chilankhulo chapachibale ndi chimene chidalembedwa pamiyala ija, ndipo akatswiri omasulira adadalira kwambiri mawu a m'zilankhulo zamoyozi kuti amve zimene ankawerenga. Pakadapanda amayi amene adapitiriza kulankhula ndi ana awo m'chilankhulo chonyozedwa, maphatikizo a Knorozov akadangokhala phokoso lopanda tanthauzo. Kumapiri a ku Guatemala kukadali akuluakulu osunga masiku, amene amawerengabe kalendala ya masiku 260 osadumpha. Anthuwa adapirira zowawa: pankhondo yapachiweniweni ya ku Guatemala, kuyambira 1960 mpaka 1996, anthu pafupifupi 200,000 adaphedwa kapena kusowa, ambiri mwa iwo Amaya. Rigoberta Menchú, mayi wachi-K'iche', adalandira mphotho ya mtendere ya Nobel mu 1992 chifukwa cholankhulira anthu ake. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Linda Schele ndi anzake adayamba kuchititsa maphunziro a zilembo zakale kwa Amaya eni ake, ndipo lero alipo aphunzitsi ndi achinyamata amene akulembanso mayina awo ndi zilembo za makolo.

Amaya adatha kubweza mayina a mafumu awo chifukwa adalembedwa pamwala, ndiponso chifukwa chilankhulo chidapulumuka. Mbiri yathu yambiri sidalembedwe pamwala. Ili m'mitu mwa agogo, m'mayina a mitsinje ndi madambo, m'ndondomeko ya omwe adalowa dzina la ufumu, m'nyimbo za pamtondo ndi m'malangizo a anamkungwi. Imeneyi ikatayika palibe Knorozov amene adzaifukule. Choncho amene muli ndi agogo amoyo, khalani nawo pansi chaka chino chisadathe. Afunseni mayina a mafumu a m'mudzi mwanu kuyambira woyamba, kumene adachokera, ndi chimene chidawasamutsa. Lembani m'kope m'chilankhulo chimene akuuzirani, muikepo tsiku ndi dzina la wosimbayo, ndipo ana anu akhale pomwepo akumva.